Wakumbuyo akagwa, wakutsogolo adziwa bwanji?

Masiku ano si zachilendonso kuona njinga zamoto khumi kapena kuposerapo zitandondozana pamsewu. Akabaza akamaperekeza maliro a mnzawo amapita pagulu. Anyamata akamakachemerera timu ya kwawo kumudzi wina amapita pagulu. Ku ukwati, ku chinkhoswe ndi kumisonkhano ya mpingo ndi chimodzimodzi. Nafenso aphunzitsi a m'sukulu za kumidzi, komwe galimoto imadutsa mwa apo ndi apo, tikaitanidwa kumsonkhano timanyamukira pamodzi pa njinga zathu. Kuyenda pagulu n'kwabwino chifukwa wina zikamuvuta anzake amamuthandiza. Koma pa maulendo onsewa pali chinthu chimodzi chomwe chimasowa. Injini zikangolira, kulankhulana kumathera pomwepo.

Wotsogolera ndiye amayamba kuona zonse za kutsogolo: dzenje, mbuzi zowoloka, mchenga wa pakona, thiraki yomwe ikubwera ili pakati pa msewu. Koma alibe njira yowauzira anzake. Wakumbuyo naye amaona zomwe otsogola sakuziona: katundu wa mnzake akumasuka, chitenje cha mayi wokwera kumbuyo chikulendewera pafupi ndi tcheni, galimoto yaliwiro ikufuna kupitirira gulu lonse nthawi imodzi. Akafuula, mawu ake amathera m'chipewa chake momwemo. Choopsa kwambiri n'chakuti iyeyo akagwa palibe womuona, poti aliyense maso ali kutsogolo, ndipo njinga zambiri za kwathu kuno magalasi oonera kumbuyo adathyoka kalekale.

Wina anena kuti, nanga si tili ndi mafoni? Tili nawodi, koma pa njinga yamoto foni ili ndi mavuto atatu. Loyamba, foni imadalira mlongoti wa netiweki, ndipo malo omwe ngozi imakonda kuchitika, m'zigwa ndi m'makona a m'mapiri, ndi omwewo omwe netiweki imazimirira. Lachiwiri, foni imafuna kuti musake dzina, muyimbe, mnzanu aimve kulira m'thumba pakati pa phokoso la injini, kenako ayankhe. Pofika pamenepo dzenje lija mwaligunda kale. Lachitatu, imachotsa dzanja pa handulo ndi maso pamsewu. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Mukayang'ana foni kwa masekondi atatu okha, mwayenda mamita 50 osaona msewu, theka la bwalo la mpira.

Momwe anzathu a kunja adachitira

Vutoli silidayambire kuno. Ku America, komwe anthu amayenda maulendo a masiku angapo pa njinga zikuluzikulu ali m'magulu, adalipezera yankho mu wailesi yotchedwa CB, chidule cha mawu akuti Citizens Band, kutanthauza mafunde omwe boma lidapatulira anthu wamba. Iyi si wailesi yomvera nkhani ndi nyimbo ayi. Ndi wailesi yolankhulirana, yofanana ndi zomwe timaona ndi apolisi kapena alonda, koma yololedwa kwa mlimi, dalaivala kapena wamalonda aliyense.

Bungwe loyang'anira za mauthenga m'dzikolo, la Federal Communications Commission, lidatsegula mafunde a 27 MHz kwa anthu wamba m'chaka cha 1958, ndi matchanelo 23. Kwa zaka zingapo ogwiritsa ntchito adali ochepa. Zinthu zidasintha mu 1973 pomwe maiko a Aluya adaleka kugulitsa mafuta ku America. Petulo adasowa, mizere pamalo omwetsera mafuta idatalika monga momwe ife timaidziwira bwino, ndipo mu 1974 boma lidalamula kuti galimoto isapitirire mamailosi 55 pa ola, omwe ndi pafupifupi makilomita 89. Madalaivala a mathiraki adayamba kuuzana pa CB komwe kukupezeka mafuta komanso, tinene zoona, komwe kwabisala apolisi. Wailesiyi idatchuka mpaka kulowa m'nyimbo ndi m'mafilimu, monga ya Smokey and the Bandit ya mu 1977. Chaka chomwecho matchanelo adawonjezedwa kufika 40, ndipo mu 1983 boma lidaleka kufuna chiphaso kwa munthu aliyense payekha. Ku Britain wailesiyi idaloledwa mu 1981, ndipo chiphaso chidathetsedwa mu 2006.

Mwa matchanelo 40 aja, ya nambala 9 idapatulidwa kuti ikhale yopemphera thandizo pangozi, pomwe ya nambala 19 idasanduka bwalo la madalaivala a pamsewu waukulu. Okwera njinga zamoto ataona ubwino wake adaitengera, moti makampani a Honda ndi Harley-Davidson adayamba kupanga CB yolowa m'njinga zawo za maulendo ataliatali, monga Gold Wing, yokhala ndi batani lolankhulira pa handulo ndi timasipika ta m'chipewa.

Momwe imagwirira ntchito

Kusiyana kwake ndi foni n'kwakuti CB sidutsira pa mlongoti wa kampani iliyonse. Mawu amachoka pa wailesi yanu n'kupita mwachindunji pa wailesi ya mnzanu. Palibe mayunitsi, palibe bandulo, palibe nambala yoyimba. Onse omwe atchera tchanelo imodzi amamva nthawi yomweyo. Mukafuna kulankhula mumadina batani, mukatha mumalisiya. Pomwe mwadina simungamve mnzanu, ndipo awiri akadina nthawi imodzi mawu amasokonekera. N'chifukwa chake ogwiritsa ntchito mawailesi otere ali ndi chizolowezi chonena mawu osonyeza kuti ndamaliza, lankhulani.

Mphamvu yake ndi yochepa dala. Lamulo la ku America limalola mawati 4 okha pa kalankhulidwe kawamba, kuti anthu ambiri athe kugawana matchanelo omwewo osasokonezana. Pa njinga yamoto imafika makilomita owerengeka, malinga ndi malo: pachigwa chathyathyathya ngati cha ku Chikwawa ingafike patali, koma phiri likalowa pakati mtunda umafupika. Kwa gulu la njinga zimenezi n'zokwanira. Njinga zisanu ndi ziwiri zoyenda makilomita 60 pa ola, zitasiyana sekondi imodzi-imodzi, zimatenga mamita pafupifupi 100 kuchokera kwa woyamba kufika kwa womaliza. Ngakhale pamsewu wafumbi, pomwe anthu amatalikirana pothawa fumbi, gulu silitalika kuposa pomwe wailesi ingafike.

Chovuta chachikulu cha CB pa njinga ndi eriyo. Ndimakonda kupereka samu iyi kwa ophunzira anga a Fomu 4 tikamaphunzira za mafunde. Mafunde a wailesi amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Mukagawa liwiro limeneli ndi 27 miliyoni, mupeza kuti funde limodzi la CB ndi lotalika mamita 11. Eriyo yabwino imayenera kukhala gawo limodzi mwa magawo anayi a funde, kutanthauza mamita pafupifupi 2.7, kutalika kuposa chitseko cha nyumba. Ndodo yotero simungayende nayo pa njinga pansi pa mitengo ya mango. Opanga amaifupikitsa pokulunga waya mkati mwake, koma ikafupika mphamvu imachepanso. Komanso eriyo wamba ya CB imadalira chitsulo chachikulu cha denga la galimoto kuti igwire bwino, pomwe njinga ilibe chitsulo chotambalala chotero. Pachifukwachi pali maeriyo ena opangidwira njinga ndi mabwato, ndipo eriyo iliyonse imayenera kuyezedwa ndi kachipangizo kotchedwa SWR meter isanayambe ntchito, apo ayi mphamvu imabwerera m'wailesi n'kuiwononga.

Palinso phokoso. Pulagi ya injini ikamathetheka imatulutsa mafunde omwe amamveka m'wailesi ngati kuthetheka kwa chimanga chokazinga, ndipo kumachuluka mukawonjezera moto. Mankhwala ake ndi pulagi kapena chisoti cha pulagi chokhala ndi resistor, komanso kulumikiza wailesi mwachindunji ku batire kudzera pa fyuzi. Mphepo nayo imalowa mu maikolofoni, ndiye imafunika kuvekedwa kasiponji n'kuikidwa pafupi ndi milomo mkati mwa chipewa. Izi zikutanthauza kuti wopanda chipewa, kapena wovala chigoba chong'ambika chomangidwa ndi lamba wa chubu, wailesi singamuthandize.

Tsiku lomwe tidaisowa

Dzinja lapitali tidapita kumaliro a mayi a mphunzitsi mnzathu, njinga zisanu ndi zitatu, pamsewu wadothi wodutsa m'mapiri. Womaliza pamzere adali mphunzitsi wachikulire yemwe adanyamula mayi a kunyumba kwawo. Pokwera chitunda china chamatope njinga yawo idaterereka, onse awiri n'kugwera m'ngalande, ndipo mayiwo adavulala bondo. Pamalopo netiweki padalibe. Gulu lidazindikira kuti likupereweza munthu litafika pa sitolo zina, patadutsa pafupifupi theka la ola, ndipo awiri adabwerera kukawafuna. Adakawapeza atakhala pansi pa mtengo, amayi ena ochokera kumunda atawathandiza kudzutsa njinga. Bamboyo adatiuza kuti pomwe ankagwa ankationa ndithu tikukhota kuseri kwa phiri, adayesa kuliza hutala koma injini zisanu ndi ziwiri zidameza kulira kwake.

Mtunda womwe udatilekanitsa panthawi yomwe ankagwayo sudafike ngakhale kilomita imodzi. Wailesi yotchipa kwambiri ikadafika. Bondo lidapola, koma likadakhala bala lotaya magazi kwambiri kapena kuvulala m'mutu, theka la ola limenelo likadatha kusandutsa ulendo wa maliro amodzi kukhala wa maliro awiri.

Mawailesi awiri okha ndi okwanira

Magulu a okwera njinga a kunja amaika udindo pa anthu awiri: wotsogolera ndi wotsekera kumbuyo. Onsewa amakhala odziwa bwino njinga. Wotsogolera amasankha njira ndi liwiro. Wotsekera sapitirira munthu aliyense, amanyamula masipanala, pampu ndi zomangira mabala, ndipo wina akaima nayenso amaima. Ngakhale ena onse atapanda wailesi, bola awiriwa akumvana, gulu lonse lili pakati pa makutu awiri. Wotsekera amanena kuti tonse tawoloka mlatho, kapena kuti wachitatu waima, chepetsani. Wotsogolera amanena kuti kutsogolo kuli ng'ombe, kapena kuti tikukhotera kumanja pa mpanda wa tchalitchi.

Bungwe la Motorcycle Safety Foundation la ku America limalangiza kuti gulu likhale la njinga zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Mukachuluka, gawikani m'magulu ang'onoang'ono, lililonse ndi wotsogolera ndi wotsekera wake. Pamsewu waphula wowongoka njinga zimayenda mopingasa, wina chakumanja kwa mbali yathu ya msewu, wotsatira chakumanzere, ndipo aliyense amasiya masekondi awiri pakati pa iye ndi amene walunjikana naye kutsogolo. Pamakona ngati a ku Chiweta, a pa Thabwa potsikira ku Chikwawa kapena a msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti, komanso pamsewu uliwonse wafumbi, aliyense amalowa mumzere umodzi n'kutalikirana. Wongophunzira kumene amaikidwa pambuyo penipeni pa wotsogolera, osati kumapeto komwe angamathamange mopitirira luso lake poopa kutsalira.

Wailesi nayo ili ndi mwambo wake. Uthenga ukhale wa mawu atatu kapena anayi: dzenje kumanja, mbuzi kumanzere, thiraki kumbuyo. Mawuwo mugwirizane musananyamuke. Dinani batani, dikirani pang'ono, kenako lankhulani, chifukwa mawu oyamba amakonda kudulidwa. Wolandira ayankhe kuti ndamva. Nkhani za mpira ndi za ndale zidikire pofika, poti amene wagwira batani akucheza watsekera mnzake yemwe akufuna kunena kuti wagwa. Kumbukiraninso kuti pa wailesi yotere palibe chinsinsi. Aliyense wotchera tchanelo yomweyo akumva, choncho musanene kuti ndalama za chipepeso zili m'chikwama cha uje.

Pali ngozi imodzi yomwe wailesi imabweretsa yokha. Wotsogolera akapitirira thiraki, amafuna kuthandiza anzake ponena kuti kulibe galimoto, bwerani. Mawu amenewa ndi oona pa sekondi yomwe akunenedwa basi. Pofika poti wachinayi atulukire, minibasi yatulukira pakona kapena ngolo yalowa mumsewu kuchokera m'kanjira. Lamulo likhale loti aliyense apitirire pokhapokha waona yekha ndi maso ake. Wailesi ichenjeze za choopsa, isapereke chilolezo. Ndipo chizolowezi cha madalaivala a ku America chouzana komwe kuli apolisi n'cholinga chozemba tisachitengere. Gulu lokhala ndi ziphaso, zipewa ndi inshulansi lilibe chifukwa chothawira rodibuloko.

Chotiyenera ife n'chiti?

Njinga zomwe zadzaza m'midzi mwathu ndi zazing'ono, batire yake ndi yaing'ono, ndipo zina zimayenda batire itafa kale. CB ya m'galimoto imafuna mavoti 12 odalirika ndi malo omangapo eriyo yaitali. Kwa ife chophweka ndi woki-toki ya m'manja yokhala ndi batire yakeyake, yomwe mungaitchaje pa sola, yolumikizidwa ku timasipika ta m'chipewa ndi batani la pa handulo. Ku Ulaya kuli mtundu wotchedwa PMR446, wa theka la wati, wogwira pa 446 MHz. Funde lake ndi lotalika masentimita 67 okha, choncho eriyo ya masentimita 17 ndi yokwana, yaifupi kuposa rula ya mwana wa sukulu. Kuipa kwake n'kwakuti mafunde afupi otere amatsekedwa msanga ndi phiri. Ku Australia nawonso CB yotchuka kwambiri ndi ya mafunde afupi, a 477 MHz. Palinso tizipangizo ta Bluetooth tomata pachipewa, monga ta Sena ndi Cardo, tomwe talanda malo a CB m'magulu ambiri a kunja, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo timafuna kuti olankhulana asatalikirane kwambiri.

Musanagule chilichonse mwa izi, kumbukirani kuti mafunde a wailesi ndi chuma cha dziko, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Chololedwa ku London kapena ku Johannesburg si ndiye kuti chaloledwa ku Ntcheu. Kuno kwathu woyang'anira mafunde ndi bungwe la MACRA, malinga ndi lamulo la za mauthenga la mu 2016. Kafunseni kumeneko kuti ndi wailesi iti yomwe mungagwiritse ntchito, pa mafunde ati, ndipo pakufunika chiphaso chanji. Izi n'zofunika chifukwa mawailesi ena otchipa omwe abale amatitumizira kuchokera kunja amatha kutcheredwa pa mafunde ambirimbiri, ndipo munthu wosadziwa angapezeke akulankhula pa mafunde a apolisi, a ambulansi kapena a oyang'anira nkhalango. Paja safunsa adadya phula.

Za ndalama, sikofunika kuti aliyense agule. Akabaza pa siteji amasonkherana kale za maliro ndi za matenda. Aphunzitsi tili ndi timabungwe ta chisamaliro, mipingo ili ndi makomiti. Mawailesi awiri ogulidwa ndi gulu, osungidwa ndi msungichuma, otulutsidwa tsiku la ulendo, ndi katundu ngati mapoto a pamaliro kapena yunifomu ya kwaya. Ntchito yake singathere pamsewu pokha. Amene adali kuchigawo cha kummwera mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula milatho ndi kugwetsa mapolo a magetsi, akukumbukira momwe zidavutira kutumiza uthenga kutsidya kwa mtsinje. Wailesi yosadalira mlongoti imagwirabe ntchito tsiku lotero.

Zomwe tingayambe mawa popanda tambala

Podikira mawailesi, pali njira zina zosafuna ndalama. Yoyamba ndi kukumana kwa mphindi zisanu musanalize injini: tidzera kuti, tikaima pati, wotsogolera ndani, wotsekera ndani, tilipo angati. Yachiwiri ndi zizindikiro za dzanja lamanzere, poti lamanja lili pa moto. Chala chimodzi m'mwamba, lowani mumzere umodzi. Zala ziwiri, bwererani koyenda mopingasa. Dzanja lotambasula likutsitsidwa pansi, chepetsani liwiro. Kuloza thanki, mafuta andithera. Choopsa cha kumanzere chilozedwe ndi dzanja, cha kumanja ndi phazi. Aliyense woona chizindikiro achibwereze kuti chifike kwa womaliza.

Yachitatu ndiyo yoposa zonse. Aliyense akhale mlonda wa amene ali kumbuyo kwake. Onse ayatse nyali ngakhale masana, ndipo aliyense azionetsetsa kuti nyali ya mnzake ikuoneka pagalasi. Ikasowa, chepetsani. Ikapanda kutulukira, imani pambali. Wakutsogolo kwanu nayenso aona kuti inu mwasowa, aima, mpaka uthenga ufike kwa wotsogolera popanda wina kutsegula pakamwa. Pamphambano musakhote mpaka wakumbuyo ataona komwe mwalowera. Njira imeneyi imangofuna galasi limodzi lathunthu pa njinga iliyonse, ndipo galasi limagulitsidwa pa msika uliwonse pomwe pali okonza njinga.

Pempho langa likupita kwa atcheyamani a masiteji a kabaza, akuluakulu a mipingo ndi aphunzitsi anzanga: ulendo wotsatira usanyamuke musanasankhe wotsekera kumbuyo ndi kuwerengana. A MACRA ndi a nthambi yoona za pamsewu nawo atithandize pofalitsa m'Chichewa, pa wailesi ndi m'nyuzipepala, mtundu wa woki-toki womwe munthu wamba angagule osaphwanya lamulo. Njinga zamoto zachuluka kale m'midzi mwathu ndipo maulendo a pagulu sadzatha. Tikanyamuka asanu ndi atatu, tizifika asanu ndi atatu, ndipo wina akatsala panjira tizidziwa nthawi yomweyo.